Kulondola ndi Kupambana: Kuunika Mkangano wa Nduna wa 1964 ndi Kalata ya Maepiskopi ya 1992

Mawu otsogolera

M'nkhani zambiri za mchezo ndi zolembedwa timakumana ndi mpangankhani amene akunena zoona koma mapeto ake iye ndiye amagonja. Pabwalo lomwelo pamakhala mnzake amene mfundo zake n'zoperewera, koma chifukwa chodziwa kukoka mitima ya anthu, ndiye amene amaimbiridwa nthungululu. Ophunzira ambiri akafunsidwa pa mayeso za ampangankhani otere amagwa m'mbuna imodzi mwa ziwiri. Ena amalemba kuti wolondolayo ndi ngwazi, osafotokoza chimene chidamugwetsa. Ena amalemba kuti wopambanayo ndiye adali wolondola, ngati kuti kupambana ndi umboni wa chilungamo. Mayankho awiri onsewa ndi opunduka.

Mutu uno ukuunika kusiyana kwa kulondola ndi kupambana pa nkhani za ulamuliro. Tigwiritsa ntchito nkhani ziwiri zochitikadi m'dziko lathu lino, zomwe mbali zake zina zidachitikira ku Liwonde m'boma la Machinga ndi ku Balaka. Tiziwerenga monga momwe timawerengera sewero: tiona ampangankhani, mkangano, malo, nthawi, omvera ndi pampondachimera. Mfundo yomwe tikufuna muigwire ndi iyi: choonadi sichidziyankhulira chokha. Chimafuna munthu wodziwa amene akuyankhula naye, malo amene waima ndi nthawi imene watsegula pakamwa.

Zimene makolo adaziona kale

Aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu kwa mfumu, kaya ku Chikweo kaya kwina kulikonse, akudziwa kuti mlandu suyenda ndi umboni wokha. Munthu akhoza kukhala ndi mboni zitatu zotsimikiza malire a munda wake, koma akayamba ndi kuloza mfumu chala, bwalo limaiwala za munda n'kuyamba kuzenga mlandu wa mwano. N'chifukwa chake wanzeru amatuma nkhoswe kapena mkulu wina wodziwa kuomba m'manja ndi kuzungulira ndi miyambi asanafike pa mutu wa nkhani.

Nthano yodziwika ya munthu ndi kambuku ikuphunzitsa zomwezi. Munthu adapeza kambuku ali m'mbuna ndipo adamutulutsa. Kambuku atangotuluka adafuna kumudya. Munthuyo adali ndi mfundo zonse: adachita chifundo, adalonjezedwa kuti sadzapwetekedwa, ndipo lonjezo lidaphwanyidwa. Koma mfundo sizikanatseka kukamwa kwa kambuku. Kalulu atafika sadatsutsane ndi kambuku ngakhale pang'ono. Adadzipusitsa, nanena kuti sakumvetsa momwe chinyama chachikulu chotero chikadakwanira m'mbunamo, mpaka kambuku adalumphiramonso kuti amuonetse.

Onani bwino apa. Kalulu sadasinthe choonadi. Munthu adali wolakwiridwa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Chimene Kalulu adaonjeza ndi njira. Nthanoyi ikulekanitsa mafunso awiri amene inu muyenera kumalekanitsa nthawi zonse: ndani akulondola? Nanga ndani akudziwa kufikitsa mlandu pamapeto?

Tsatanetsatane wa mkangano wa 1964

Dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda ali nduna yaikulu. Pasanathe miyezi iwiri, iye ndi nduna zake zambiri adali atasemphana. Kumapeto kwa Ogasiti ndunazo zidamuuza madandaulo awo pamaso pa msonkhano wa kabineti ku Zomba, ndipo kenako zidakumana ku Ku Chawe, paphiri la Zomba, n'kulemba zofuna zawo papepala.

Madandaulowo adali olemera. Boma lidaika tiki, ndalama ya mapeni atatu, yoti wodwala azilipira pachipatala cha boma, pamene anthu akumudzi ankayembekezera kuti ufulu uwapeputsira katundu. Boma lidavomereza lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, lomwe ogwira ntchito achikuda adaliona kuti likuwapondereza. Maudindo akuluakulu adali akadali m'manja mwa Azungu. Dr Banda ankachita ubale ndi Apwitikizi amene panthawiyo ankalamulira Mozambique, pamene maiko ena a mu Africa ankawasala. Koposa zonse, ndunazo zidadandaula kuti iye ankagamula zinthu yekha, ankasunga maunduna angapo m'manja mwake, ndiponso ankazitchula kuti anyamata ake pamaso pa anthu.

Pa 7 Sepitembala Dr Banda adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi pa unduna, pamodzi ndi mayi Rose Chibambo amene adali mlembi wothandiza nduna. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo. John Msonthi adatulanso, koma posakhalitsa adabweza ganizo lake. Henry Masauko Chipembere, nduna ya zamaphunziro, adali ku Canada mkanganowo pamene unkayamba. Atabwerako naye adatula udindo. Pa 8 ndi pa 9 Sepitembala nkhaniyi idakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba.

Kodi adalondola ndani?

Wounika wabwino sathamangira mbali imodzi. Pa nkhani ya ulamuliro wa munthu mmodzi, mbiri idatsimikiza kuti nduna zidaona patali. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Dr Banda adakhala mtsogoleri wa dziko wamuyaya, ndipo anthu ambiri adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ku Dzeleka, ku Mikuyu ndi m'malo ena. Zimene zinkaoneka ngati madandaulo a anyamata ofuna maudindo zidasanduka moyo wa tsiku ndi tsiku wa mtundu wonse kwa zaka pafupifupi 30.

Komabe Dr Banda nayenso adali ndi mfundo zomveka. Dziko lidali losauka, ndipo boma linkadalira thandizo la ndalama lochokera ku Britain kuti liyendetse ntchito zake. Katundu wolowa ndi wotuluka ankadutsa pa njanji yopita ku doko la Beira, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Kudana ndi Apwitikizi poyera kukadakhala kudzitsekera khomo wekha. Amalawi amene adafika ku yunivesite adalinso ochepa kwambiri panthawiyo.

Choncho mkanganowu sudali wa mdima ndi kuwala. Mbali zonse ziwiri zidali ndi zoona zake, ngakhale kuti pa mfundo yaikulu kuposa zonse, ya momwe dziko liyenera kulamulidwira, nduna ndizo zidalasa. Funso lofunika kwa ife ndi lakuti: nanga zidagonja bwanji mosavuta chotero?

Pampondachimera: masiku awiri m'Nyumba ya Malamulo

Luso loyamba la Dr Banda lidali kusintha funso. Nduna zinkafuna kuti pakambidwe za tiki, za malipiro ndi za Apwitikizi. Iye adabweretsa m'nyumbamo ganizo loti aphungu aonetse ngati akumukhulupirirabe monga mtsogoleri. Funso loti "kodi tiki ndi yabwino?" phungu aliyense akadaliyankha mosaopa. Koma funso loti "kodi uli kumbali ya Kamuzu kapena ayi?" lidali ndi yankho limodzi lokha kwa munthu wofuna kubwerera kwawo mwamtendere. Wosankha funso amakhala atapambana kale theka la mlandu.

Luso lachiwiri lidali kusandutsa mfundo kukhala nthano. Dr Banda adayamba ndiye kuyankhula. Sadatsatire madandaulowo limodzilimodzi monga amachitira loya. Adajambula chithunzi cha chiwembu: anyamata amene iye adawakweza, tsopano agwirizana mseri kuti amugwetse, ndipo kumbuyo kwawo kuli dziko la China lomwe akuti lidalonjeza mapaundi 18 miliyoni kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam. Nthano yotere ili ndi ngwazi, adani ndi mlendo woipa. Munthu akhoza kukaifotokoza kumudzi madzulo omwewo osaiwala kanthu. Lipoti la Skinner silingafotokozedwe choncho.

Luso lachitatu lidali kudziwa omvera. Pa chisankho cha 1964 aphungu a chipani cha Malawi Congress adalowa m'nyumbamo popanda opikisana nawo, ndipo maina awo adadutsa m'manja mwa Dr Banda. Ambiri adali atsopano, ndipo mipando ya nduna zochotsedwa idali pululu kudikira eni ake atsopano. Nduna zakalezo zinkayankhula kwa anthu amene sakadapindula kanthu powamvera, koma akadataya zonse.

Nanga nduna zidayankha motani? Zidadziteteza. Zidakana kuti sizidali zoukira, zidakumbutsa nyumbayo za ntchito yomwe zidagwira pomenyera ufulu, ndipo zidanenetsa kuti zikadali zokhulupirika kwa Dr Banda. Chipembere, yemwe ankadziwika ndi mawu oyaka moto pamisonkhano, adateteza anzake koma adayankhula mofuna chiyanjanitso. Pamapeto pake ganizo lija lidadutsa popanda wolitsutsa. Apa mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa ukukwanira bwino. Nduna zinkafuna kudzudzula ulamuliro wa Dr Banda, komanso zinkafuna kuonetsa kuti zimamukonda kuposa wina aliyense. Womvera wamba adangotolapo chimodzi: ngati iwo omwe akuti Kamuzu ndiye mtsogoleri, ndiye kuti olakwa ndi iwowo.

Msemphano waukulu m'nkhaniyi

Msemphano ndi pamene zochita za mpangankhani zimabala zosiyana ndi zimene iye ankafuna. M'nkhaniyi msemphano ndi wowawa. Amene adalimbikira kuitana Dr Banda kuti abwerere kumudzi, atakhala kunja zaka pafupifupi 40, adali achinyamata omwewa, makamaka Chipembere ndi Chiume. Iwo adaona kuti anthu akumudzi sangatsate anyamata, koma angatsate munthu wachikulire, dokotala wophunzira kunja. Atafika pa 6 Julayi 1958, iwo ndiwo adayenda naye m'maboma, namutamanda monga mpulumutsi. Orton Chirwa, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 Dr Banda ali m'ndende, adamupatsa utsogoleri atatuluka. Mu 1960, ku Nkhotakota, chipanicho chidamuika kukhala mtsogoleri wake wamuyaya.

Pamenepo achinyamatawo adasankha njira yopambanitsa, ndipo idagwiradi ntchito: chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha mu 1963 ndipo ufulu udabwera. Koma walira mvula walira matope. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi adaphunzitsa anthu kuti wotsutsa Kamuzu ndi mdani wa dziko. Mu 1964 phunzirolo lidawatembenukira eni ake. Khoswe adali atakhala pamkhate, ndipo amene adamuikapo ndi iwo omwe. Kumugenda kukadaoneka ngati kuswa mkhate wa ufulu umene udali usanathe n'komwe miyezi itatu.

Mfundoyi ndi yofunika pa mayeso chifukwa ikuonetsa kuti ampangankhaniwa si anthu a mbali imodzi. Sadali ana osadziwa ndale. Poyamba adaika kupambana patsogolo n'kunyalanyaza funso la malire a mphamvu za mtsogoleri. Pambuyo pake adabwerera ku funsolo, koma chida chokopera anthu chidali chitapita m'manja mwa wina.

Pa Liwonde: mathero a gawo loyamba

Mawu atalephera, zibonga zidalowa m'malo. Kumapeto kwa Sepitembala ku Zomba kudabuka ndewu pakati pa ogwira ntchito m'boma amene ankatsatira nduna zakale ndi achinyamata a chipani. Nduna zambiri zidathawira kunja kwa dziko. Chipembere adatsala kwawo ku Malindi, kenako adalowa m'mapiri a kum'mawa kwa Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye ndi omutsatira pafupifupi 200 adalowa m'tauni ya Fort Johnston, natenga mfuti ndi magalimoto, n'kuyamba ulendo wopita ku Zomba, likulu la dziko panthawiyo. Munthu wochokera ku Chikweo akafika pa Liwonde masiku ano amaoloka Shire pamlatho osaganizako kawiri. Mu Febuluwale 1965 magalimoto ankaoloka pa pantoni, chombo chonyamula anthu ndi katundu. Gulu la Chipembere litafika pamtsinjepo lidapeza pantoni ili tsidya lina. Mwayi udathera pomwepo. Asilikali a boma adafika ndipo gululo lidabwerera n'kumwazikana.

Mlembi wa sewero sakadapeka chiphiphiritso choposa chimenechi. Zomba ali patsogolo, mtsinje uli pakati, chowolokera chili m'manja mwa ena. Ndi mmene zidalili kuyambira m'Nyumba ya Malamulo muja: mfundo zidalipo, koma chowolotsera mfundozo kupita kwa anthu chidali tsidya lina. Chipembere adatuluka m'dziko chaka chomwecho ndipo adamwalira ku America mu 1975. Medson Silombela, mmodzi mwa omutsatira, adanyongedwa ku Zomba mu 1966. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowanso m'dziko ndi gulu la zida. Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Musaiwalenso anthu wamba a m'midzi ya Mangochi ndi Machinga amene adavutika pokayikiridwa kuti ankathandiza oukira. Kulephera kwa wolondola sikupweteka iye yekha.

Kalata ya 1992: choonadi chomwecho, njira ina

Patapita zaka 28, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a chipani cha Montfort, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Zambiri zomwe idanena zidali zachibale ndi madandaulo a 1964: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, kutsekera anthu popanda mlandu, ndi mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Nanga n'chifukwa chiyani mawu awa adagwedeza dziko pamene aja adafera m'nyumba? Tiyeni tiunike kalatayi monga chimangirizo chokopa.

Choyamba, woyankhula. Nduna za 1964 zikadatha kunenedwa kuti zikufuna mpando. Maepiskopi sakadanenedwa choncho ndi munthu woganiza bwino, pakuti palibe mmodzi wa iwo amene ankafuna unduna. Adasainanso onse pamodzi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, kotero kuti kudali kovuta kupatula mmodzi n'kumutcha woukira.

Chachiwiri, omvera ndi chiyankhulo. Mkangano wa 1964 udachitika m'Chingerezi, m'chipinda chimodzi, pamaso pa anthu osakwana zana. Kalata ya 1992 idafika m'makutu a mlimi, mphunzitsi ndi mayi wogulitsa mandasi m'chiyankhulo chawo, m'mawa umodzi, m'malo mazanamazana. Pamene boma linkadzidzimuka, mawu adali atalowa kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chachitatu, kamvekedwe. Kalatayi sidatukwane mtsogoleri, sidaitanitse zida, ndipo sidalamule kuti pakhale zipani zambiri. Idayamikira zabwino zimene dziko lidachita, kenako idatchula mavuto amene womvera aliyense ankawadziwa m'nyumba mwake. Uku ndiko kuomba m'manja usanatule nkhani pabwalo. Kalatayi sidauze anthu chinthu chachilendo. Idangonena mokweza zomwe iwo ankanong'ona. Chifukwa cha ichi funso silidathe kusinthidwa. Boma litati kalatayo ndi youkira, munthu wamba adadzifunsa yekha kuti, kodi chabodza m'menemu n'chiti?

Chachinayi, nthawi. Mu 1964 ufulu udali wakhanda ndipo anthu adali akadavina. Mu 1992 anthu adali atatopa, mkangano wa maiko a kuzambwe ndi a chikomyunizimu udali utatha kotero kuti maiko opereka thandizo sankafunanso kutseka maso, ndipo ku Zambia Kenneth Kaunda adali atagonja pa chisankho cha zipani zambiri mu 1991.

Musaganize kuti njira yabwino imachotsa zoopsa. Maepiskopi adaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, kusunga kalatayo kudakhala mlandu, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Koma ophunzira a ku Chancellor College adayenda mumsewu kugwirizana ndi kalatayo, Chakufwa Chihana adabwera poyera mu Epulo n'kumangidwa, ogwira ntchito ku Blantyre adanyanyala mu Meyi, ndipo mwezi womwewo maiko opereka thandizo adaimika mbali yaikulu ya thandizo lawo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi, wochokera m'boma la Machinga, adapambana chisankho. Kalatayo sidachite zonsezi yokha, koma ndiyo idatsegula pakamwa pa mtundu.

Kufananitsa ndi sewero la kunja

Mfundoyi si ya Malawi yekha. M'sewero la William Shakespeare lotchedwa Julius Caesar, lomwe Julius Nyerere wa ku Tanzania adalimasulira m'Chiswahili mu 1963, Brutus akupha Caesar poopa kuti asanduka wolamulira mwankhanza. Pamaliro Brutus akupereka zifukwa zake mwadongosolo, anthu akuvomereza, ndipo iye akuchoka n'kusiyira bwalo Mark Antony. Antony sakutsutsa zifukwazo mwachindunji. Akuonetsa anthu chovala chobooka ndi mipeni, mabala a mtembo, ndi chuma chimene Caesar adawasiyira. Gulu lomwe lija likutembenuka, ndipo Brutus akuthawa mumzinda. Brutus ankaganiza kuti akafotokoza bwino ndiye kuti wamaliza. Antony ankadziwa kuti anthu amakumbukira zimene aona ndi zimene zawakhudza mtima. Kusiyana kwake ndi nkhani yathu n'kwakuti ku Zomba woyamba kuyankhula ndiye adatenga bwalo. Chofanana n'chakuti m'nkhani zonse ziwiri wopambana ndi amene adapatsa anthu chithunzi, pamene mnzake adawapatsa zifukwa.

Chigamulo cha wounika

Kodi phunziro lake ndi lakuti choonadi chilibe ntchito, chofunika n'kuchenjera? Ayi. Dr Banda adapambana mu 1964, koma mafunso amene adawakwirira sadafe. Adadzukanso mu 1992 ndi mphamvu zoposa, ndipo mtengo wa kuchedwako udalipidwa ndi anthu amene adafera m'ndende ndi kunja. Kupambana kopanda kulondola kuli ngati kufolera nyumba ya mizati yofumbwa: mvula yoyamba ipirira, koma tsiku lake lilipo.

Kodi nanga phunziro ndi lakuti wolondola angonena zoona zake n'kusiyira mbiri kuti idzamuweruze? Apanso ayi. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amene akumva njala lero sadya kukoma kwa mawu a zaka 28 zikubwerazo. Munthu amene akudziwa choonadi chokhudza miyoyo ya anzake ali ndi udindo wofuna njira yoti chimveke. Kusankha chiyankhulo, malo, nthawi ndi anzako oima nawo si chinyengo. Chinyengo chimayamba pamene wasintha choonadicho kuti upambane. Kalulu wa m'nthano ija adachenjera, koma adachenjerera munthu wolakwiridwa. Pamenepo ndi pamene pali malire a luso ndi ukathyali.

Tiyeneranso kuchita chilungamo kwa nduna za 1964. N'kosavuta kwa ife amene tikudziwa mathero kunena kuti zikadatero. Izo zidalibe wailesi, zidalibe nyuzipepala yawoyawo, ndipo chipani chonse chidali m'manja mwa munthu amene zinkamutsutsa. Mwina padalibe njira iliyonse imene ikadapambana chaka chimenecho. Wounika amaloza zofooka za mpangankhani popanda kuiwala kukula kwa phiri limene mpangankhaniyo adayang'anizana nalo.

Kayankhidwe ka funso lotere pa mayeso

Mukapatsidwa nkhani, sewero kapena nthano yokhala ndi mpangankhani wonena zoona amene wagonja, tsatani njira iyi.

1. Tchulani chimene mpangankhaniyo akunena, ndipo perekani umboni wa m'nkhanimo woonetsa ngati akulondola kapena ayi.
2. Tchulani omvera ake. Kodi apindula chiyani kapena ataya chiyani akamumvera?
3. Onani malo, nthawi ndi kamvekedwe ka mawu ake. Kodi zikumuthandiza kapena zikumugwetsa?
4. Onani chimene mnzake wopikisana naye wachita ndi funso. Kodi waliyankha kapena walisintha?
5. Fotokozani zotsatira kwa anthu ena, osati kwa ampangankhani awiri okhawo.
6. Malizani ndi maganizo anu, muwatsamiritse pa mfundo zomwe mwapereka kale.

Pewani kungofotokozanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Wochonga mayeso akuidziwa kale nkhaniyo; chimene akufuna kwa inu ndi chifukwa chake zinthu zidayenda momwemo. Mwambi muugwiritse ntchito pamene ukuunikira mfundo, osati pongokometsera ndime.

Mafunso obwereza

1. Tchulani madandaulo atatu amene nduna zidapereka kwa Dr Banda mu Ogasiti 1964.
2. Fotokozani momwe kusintha funso kudathandizira Dr Banda m'Nyumba ya Malamulo.
3. Kodi mwambi wakuti "khoswe akakhala pamkhate sapheka" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
4. Fotokozani msemphano umene ukupezeka pa moyo wa ndale wa Chipembere ndi Chiume pakati pa 1958 ndi 1964.
5. Kodi pantoni ya pa Liwonde ingakhale chiphiphiritso cha chiyani? Perekani zifukwa ziwiri.
6. Fananitsani mawu a nduna a 1964 ndi kalata ya maepiskopi ya 1992 potsata woyankhula, omvera, kamvekedwe ndi nthawi.
7. Sankhani mpangankhani mmodzi m'buku limene mukuwerenga m'kalasi amene adanena zoona koma sadamvedwe. M'ndime zinayi, fotokozani chimene chidamulepheretsa ndi chimene akadachita popanda kusiya choonadi.